Kudinda sikipa kunyumba: chifukwa chake inki imafalikira ndi kuchoka pochapa

Funso: Ndinagula sikirini (felemu yokungidwa kansalu ka timabowo), squeegee (labala wokhala ndi chogwirira, wokokera inki) ndi inki kuti ndizidinda masikipa kunyumba. Ndinadula zilembo papepala, ndinalimata pa sikirini n'kudinda. Zilembo zinatuluka zofalikira m'mbali, pena inki yambiri pena yochepa. Nditachapa sikipayo kawiri, zolembazo zinayamba kusweka ndi kusuluka. Anzanga akuti ndigule emulsion. Kodi ndiyambire pati, ndipo nditani kuti zodinda zanga zisamachoke?

Yankho: M'bale wanga, mwachita bwino kufunsa musanawononge masikipa ambiri. Anzanuwo sakunama, emulsion (mankhwala opangira chithunzi pa sikirini) ndi yabwino ndipo ndiifotokoza kutsogoloku, koma imene ija imangokonza m'mbali mwa zilembo. Kusweka ndi kusuluka pochapa sikukhudzana nayo ngakhale pang'ono. Limenelo ndi vuto la kutentha, ndipo ndiyambira pomwepo chifukwa ndi lomwe limapweteka kwambiri. Mungadinde mokongola bwanji, ngati inki sinapse, ntchito yonse imatsalira m'madzi ochapira.

Tengani chitini cha inki yanu muwerenge zomwe zalembedwapo. Inki zodindira nsalu zomwe mungakumane nazo zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu. Ina imatchedwa plastisol. Imeneyi ndi tinthu ting'onoting'ono ta pulasitiki wa PVC tosakanizidwa m'mafuta ofewetsa, ndipo siuma ndi mphepo kapena dzuwa. Mutha kuisiya pa sikirini usiku wonse n'kuipeza m'mawa ikadali yonyowa. Kuti igwire pansalu iyenera kutentha kufika pafupifupi madigiri 160 Celsius, ndipo kutenthako kuyenera kulowa mu inki yonse, kuchokera pamwamba mpaka pomwe yakhudzana ndi ulusi wa nsalu. Apa ndi pomwe ambiri amanamizika. Inkiyo ikangotentha pang'ono pamwamba pake pamauma, mukaigwira sikumata chala, ndiye munthu amati yapsa, chikhalirecho pansi ikadali yaiwisi. Mukachapa koyamba kapena kachiwiri imasweka n'kuyamba kuthothoka, monga mwafotokozeramu. Simbi ya kunyumba siithana nayo bwino inki imeneyi. Amene amaigwiritsa ntchito amakhala ndi makina oumitsira, kapena makina opanira ndi kutentha aja omwe amaonetsa madigiri.

Ina ndi inki ya madzi. Iyi imalowa mu ulusi wa nsalu, sikhala pamwamba pokha, n'chifukwa chake sikipa yake imamveka yofewa mukaigwira. Imauma yokha ndi mphepo, koma kuuma si kupsa. Madzi akachoka, guluu yemwe ali mu inkiyo amafunabe kutentha kuti amange utoto ku ulusi. Ndipo dongosolo lake ndi lofunika: madzi ayambe achoka, kutentha kubwere pambuyo. Inki ikadali ndi madzi singatenthe kupitirira madigiri 100, chifukwa kutentha konse kumathera pophwetsa madziwo. Mukaisita ikadali yonyowa, mphindi zanu zimathera poumitsa osati popsereza. Choncho yanikani sikipayo tsiku lathunthu. Kenako yalani pepala losamata lija lophikira mu uvuni, kapena kansalu kopyapyala, pamwamba pa zodindazo. Ikani simbi pa kutentha kositira thonje, muzimitse nthunzi, musite mphindi 3 mpaka 5 mukuyendetsa pang'onopang'ono kuti malo onse alandire kutentha kofanana. Ngati chithunzi ndi chachikulu kuposa simbi, gawo lililonse lilandire mphindi zakezake. Mukatha, tembenuzani sikipa musitenso mkati. Ngati opanga inkiyo alemba madigiri ndi mphindi zina pa chitini, tsatani zawozo.

Kwa munthu amene akuyamba, wopanda makina, ine ndimati inki ya madzi ndiyo. Imatsukika ndi madzi wamba, sifuna mankhwala onunkha, ndipo simbi imakwanira. Ili ndi khalidwe limodzi lovuta lomwe ndilitchula tikafika podinda.

Musamangokhulupirira kuti yapsa, yesani. Sikipa ikazizira, kokani nsalu pomwe pali zodinda. Inki ikasweka osabwerera m'malo, sinapse. Tikitani ndi kansalu koyera konyowa, utoto ukatsalira pa kansaluko, bwererani ku simbi. Ndipo musanapatse munthu aliyense sikipa, dindani yakale imodzi, muichape kangapo ndi sopo ngati zovala zina zonse. Mayeso enieni ndi amenewo.

Nsalu nayo ili ndi mbali yake. Yambani ndi sikipa ya thonje lokhalokha, ya mtundu wowala, ndi inki yakuda kapena ya mtundu wina wodera. Ndikudziwa kuti pafupifupi aliyense amalakalaka zilembo zoyera pa sikipa yakuda, koma imeneyo ndi ntchito yovutirapo: inki yoyera ya madzi imamira munsalu yakuda n'kuoneka yotuwa, pokhapokha mutagula yokhuthala yopangidwira nsalu zakuda, n'kudinda, kuumitsa, n'kudindanso pomwepo osasuntha sikipa. Nsalu ya polyester ili ndi vuto lina. Ikatentha kwambiri, utoto wa nsaluyo umasanduka mpweya n'kulowa mu inki, moti zilembo zoyera pa jezi yofiira zimasanduka zapinki, nthawi zina patapita masiku. Zimenezi muzisungire mtsogolo.

Tsopano kufalikira kwa inki m'mbali mwa zilembo. Pepala lomwe munadula lili ndi mlandu wake, chifukwa pepala likanyowa limafewa, limanyamuka m'mbali, inki n'kulowa pansi pake. Limatha kudinda masikipa ochepa ngati mwaliika kunsi kwa sikirini, mbali yokhudza nsalu, osati mkati momwe squeegee imadutsa. Koma ngakhale mutakhala ndi emulsion yabwino kwambiri, inki idzafalikirabe ngati zinthu zina zili molakwika, ndipo chachikulu ndi ichi: sikirini isagone pansalu.

Anthu ambiri amadabwa akamva zimenezi. Pakati pa sikirini ndi sikipa payenera kukhala mpata wa mamilimita 2 kapena 3. Squeegee ikamadutsa, imakankhira mesh, kansalu ka timabowo ka sikirini, pansi kuti ikhudze nsalu pa kamzere kamodzi kokha, pomwe pali mpeni wa labalawo, ndipo squeegee ikangodutsa mesh imadumpha kubwerera m'mwamba n'kusiya inki itakhala bwinobwino. Sikirini ikagona pansalu, imakhala itamatirira mu inki yonyowa mpaka mutainyamula, ndipo ponyamulapo imakoka inki n'kuipaka m'mbali. Kupanga mpatawu n'kosavuta: matani ndi tepi ndalama zachitsulo ziwiriziwiri, kapena tizidutswa ta katoni, kunsi kwa felemu m'makona. Kuti mesh idumphe chonchi iyenera kukhala yokungika. Iombeni ndi chala, ilire ngati ng'oma. Ikakhala yolendewera, palibe luso la dzanja lomwe lingaipulumutse.

Sikipa nayo isasunthe. Lowetsani thabwa losalala mkati mwake, lomwe limaletsanso inki kudutsira kumsana. Pakani kapena poperani pathabwapo guluu wofooka uja wopangidwira ntchito imeneyi, kuti nsalu imatirire koma ithe kumatuka, ndipo yalani sikipa ndi manja popanda kuikoka, chifukwa mukaidinda ili yokokedwa zilembo zidzakwinyika ikabwerera. Mangani felemu patebulo ndi mahinjesi awiri kuti sikirini izitsika pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Ngati mulibe, pezani munthu wogwira felemu mwamphamvu inu mukukoka. Chithunzi cha pachifuwa chimakhala bwino chikayambira zala zitatu kapena zinayi kutsika kuchokera pakhosi la sikipa.

Onaninso nambala ya mesh yanu. Nambalayi imanena kuchuluka kwa ulusi pa inchi imodzi kapena pa sentimita imodzi. Mesh ya 110 pa inchi, yomwe ena amailemba 43T powerengera pa sentimita, ili ndi mabowo akuluakulu ndipo imatulutsa inki yambiri, yabwino pa inki yokhuthala monga yoyera. Ya 156 kapena 160 ili ndi mabowo ang'onoang'ono, imagwira bwino zilembo zazing'ono, ndipo imayenerana ndi inki ya madzi yomwe ndi yopyapyala. Ya 230, yomwe ndi 90T, ndi ya zithunzi za timadontho, simuifuna panopa. Ngati mukudinda inki ya madzi pa 110 ndipo ikusefukira, mwina gwero ndi limenelo.

Kukoka squeegee ndi komwe kumabweretsa zija mwanena zoti pena inki yambiri pena yochepa. Squeegee ikhale yotambalala kuposa chithunzi ndi masentimita awiri kapena atatu mbali zonse, kuti mudutse kamodzi m'malo mokoka mbali iyi kenako mbali iyo. Kulimba kwa labala kumayezedwa ndi nambala yotchedwa durometer, ndipo 70 ndi yapakatikati yoyenera ntchito zambiri. Mpeni wake ukhale wakuthwa, wopanda mabala.

Thirani inki mzere umodzi kumutu kwa chithunzi. Sikirini ili yonyamuka pang'ono, osakhudza sikipa, kokani inkiyo mopepuka kuti idzaze mabowo a mesh ndi kuphimba chithunzi chonse. Kenako tsitsani sikirini, gwirani squeegee ndi manja onse awiri, muipendeketse pafupifupi madigiri 45 mpaka 60, mukoke kubwera kwa inu mosalekeza, liwiro limodzi, mphamvu imodzi. Mvetserani phokoso lake. Ikakhala bwino imalira mokhwekhwereza, ndipo pomwe yadutsa mesh imatsala yoyera, yopanda inki pamwamba. Ntchito ya squeegee ndi kumeta inki pa mesh, si kuikanikizira munsalu. Mukakanikiza kwambiri labala amapindika, mpeni umagona, inki imatuluka mopitirira n'kulowa pansi pa m'mbali mwa zilembo. Mukaona malo otuwa, dutsaninso kamodzi mbali yomweyo. Kupita ndi kubwerera, kupita ndi kubwerera, ndi komwe kumasandutsa zilembo kukhala zonenepa ndi zamthunzi.

Khalidwe lovuta la inki ya madzi ndi ili: imaumira m'mabowo a mesh mukangoisiya mphindi zochepa, makamaka kukatentha. Ikauma imatseka tizilembo ting'onoting'ono poyamba. Choncho mukangodinda sikipa imodzi, nyamulani sikirini mudzazenso inki pachithunzi nthawi yomweyo, musanachotse sikipayo. Inki yochuluka imachedwa kuuma kusiyana ndi yotsalira pang'ono m'mabowo. Konzerani masikipa onse pafupi musanatsegule chitini, ndipo fani isaombe pa sikirini. Mukafuna kupuma, tsukani kaye.

Tifike ku emulsion. Ngati zomwe mukufuna kudinda ndi zilembo zikuluzikulu, muli ndi njira yapakati musanaigule: pepala lomata la vinyl, lodulidwa ndi mpeni wakuthwa kapena ndi makina, n'kulimata kunsi kwa sikirini. Silinyowa ngati pepala wamba, ndipo limakupatsani mpata wophunzira dzanja kaye. Koma mukafuna mizere yopyapyala, kapena masikipa ambiri, emulsion ndiyo njira.

Emulsion ndi mankhwala okhuthala omwe amauma gwa akaombedwa ndi kuwala kwa UV, kuwala kosaoneka ndi maso komwe kumachokera ku dzuwa ndi ku nyali zina. Pomwe kuwala sikunafike amakhalabe osungunuka ndi madzi. Nzeru yonse yagona pamenepo: mumaphimba sikirini ndi emulsion, mumatchinga malo a chithunzi ndi chinthu chakuda, mumawalitsa, ndipo potsuka malo otchingidwa aja amatseguka. Ya mtundu wa diazo imabwera ndi kabotolo ka ufa komwe mumasungunula ndi madzi n'kusakaniza nokha. Imachedwa kupsa ndi kuwala, ndipo kuchedwako n'kothandiza kwa woyamba chifukwa mukaphonya nthawi pang'ono imakukhululukirani. Mukasakaniza idikireni maola angapo kuti thovu lituluke. Yosakaniza kale imakhala masabata ochepa, ndipo m'firiji imakhalitsako, bola isaundane. Ina ya photopolymer imabwera yokonzeka ndipo imapsa msanga kwambiri. Iliyonse yomwe mugule, onetsetsani kuti yalembedwa kuti imapirira inki ya madzi, apo ayi idzasungunuka mukudinda.

Yambani ndi kutsuka mesh kuti muchotse mafuta ndi fumbi. Alipo mankhwala ake, koma sopo wamadzi wotsukira mbale, wopanda zofewetsa manja, amathandiza. Tsukuluzani bwino, iume, ndipo musaigwirenso ndi zala. Kafumbi kamodzi kapena kadontho ka mafuta kamasanduka kabowo komwe kadzadontheza inki pa sikipa iliyonse.

Kupaka kumachitikira m'chipinda chopanda dzuwa, choyatsa babu lachikasu. Chida chake ndi kangalande kachitsulo kotchedwa scoop coater. Thirani emulsion m'menemo, imikani sikirini mopendekeka, gunditsani mlomo wa chidacho pansi pa mesh, dikirani emulsion ikhudze mesh m'litali monse, kenako kwerani m'mwamba mosaima. Pakani kamodzi kunja, mbali yokhudza sikipa, kenako kamodzi mkati. Kumalizira mkati kumakankhira emulsion kunja komwe ikufunika, chifukwa kukhuthala kwa mbali imeneyo ndi komwe kumapanga khoma loletsa inki kufalikira. Pa chifukwa chomwecho, umitsani sikirini itagona chafufumimba, mbali ya kunja ikuyang'ana pansi, felemu itatsamira pa timatabwa kuti mesh isakhudze kanthu. Ikhale mumdima mpaka iumiretu. Kukakhala chinyezi isiyeni usiku wonse. Emulsion yomwe ikadali ndi madzi mkati siipsa bwino, ngakhale muiwalitse nthawi yaitali.

Chithunzi chanu chisindikizeni pa filimu yoonekera, ndipo chikhale chakuda bii. Ikwezeni ku babu muone: kuwala kukamadutsa pa zakudazo, sindikizani ziwiri muzisanjike ndendende n'kuzimata ndi tepi yoonekera. Filimu imaikidwa kunja kwa sikirini, chotembenuza, kuti mukayang'ana kuchokera mkati, momwe squeegee idzadutse, zilembo ziziwerengeka bwino. Onani kawiri musanayatse nyali. Pansi pa mesh ikani siponji kapena thabwa lokutidwa ndi nsalu yakuda, kuti kuwala kusabwerere kuchokera pansi. Pamwamba pa filimu ikani galasi loonekera lolemera lopanikiza filimu ku emulsion. Pakakhala kampata, kuwala kumazembera pansi pa zilembo n'kuzidya m'mbali.

Funso lomwe aliyense amafunsa ndi lakuti awalitse mphindi zingati. Palibe nambala imodzi, chifukwa zimatengera nyali yanu, kutalika kwake kuchokera pa sikirini, mtundu wa emulsion ndi kukhuthala kwake. Nambala yanu mumaipeza nokha, ndipo njira yake ndi iyi. Pakani sikirini imodzi yoyesera, muike filimu yokhala ndi chithunzi chimodzi chobwerezedwa kasanu mumzere. Phimbani zinayi ndi katoni, muyatse nyali. Pakatha nthawi yomwe mwasankha, tinene mphindi ziwiri, sunthani katoni kuti chachiwiri chionekere, ndipo muzitero mpaka chomaliza. Choyamba chidzakhala chitalandira mphindi 10, chomaliza mphindi 2. Mukatsuka, chimodzi mwa izo chidzatuluka bwino kuposa zinzake. Lembani nthawi yake ndi kutalika kwa nyali pakhoma, ndipo musazisinthe. Dzuwa nalo limapsereza emulsion, mwachangu kwambiri, koma mphamvu yake imasintha ndi ola komanso mitambo, ndiye zomwe zatheka lero sizibwerezeka mawa. Nyali ya UV yokhazikika pamalo amodzi ndi yodalirika.

Potsuka, nyowetsani mbali zonse ziwiri ndi madzi ozizira, mudikire mphindi imodzi kapena ziwiri kuti malo osapsa afewe, kenako poperani kuchokera kunja. Chithunzi chimayamba kuoneka motuwa, kenako emulsion imasungunuka n'kutsika ndi madzi, mabowo n'kutseguka. Apa sikirini imakuuzani yokha momwe mwawalitsira. Mukakhudza mkati n'kumva kuterera, kapena m'mbali mwa zilembo mukunyenyeka, simunawalitse mokwanira. Mizere yaing'ono ikakana kutseguka ngakhale mupopere bwanji, mwapitiriza nthawi kapena filimu sinali yakuda mokwanira. Ikatuluka bwino, ipukuteni mosatikita ndi pepala, iume, muikweze ku kuwala musake timabowo tosafunika. Titsekeni ndi kadontho ka emulsion kapena tepi. Matani tepi m'mbali monse momwe mesh yakumana ndi felemu, chifukwa inki imakonda kuzembera kumeneko.

Mukamaliza kudinda, palani inki yotsala ndi kakatoni muibwezere m'chitini, mutsuke sikirini ndi squeegee nthawi yomweyo ndi madzi ozizira. Valani magolovesi pogwira emulsion ndi mankhwala ena, ndipo positira zodinda mazenera akhale otsegula. Mukafuna kuika chithunzi china pa sikirini yomweyo, alipo mankhwala ochotsera emulsion. Chotsani kaye inki yonse ndi tepi, pakani mankhwalawo mbali zonse ziwiri, tikitani ndi burashi, mupopere madzi amphamvu pasanathe mphindi zochepa. Musalole kuti aumire pa mesh. Akauma amalimbitsa emulsion m'malo moisungunula, ndipo nthawi zambiri sikirini yoteroyo imafunika kuikungira mesh yatsopano.

Za mitundu iwiri kapena itatu pa sikipa imodzi, dziwani kuti mtundu uliwonse umafuna sikirini yakeyake, ndipo zonse ziyenera kugwera pamalo amodzi popanda kuphonya ngakhale milimita. Zimatheka kunyumba ndi mahinjesi ndi zizindikiro za tepi pathabwa, koma muzidzayesa pamene masikipa a mtundu umodzi akutuluka ofanana, khumi motsatizana, ndipo yoyesera ija yachapidwa kangapo osasuluka.